Kudzutsa nyali ya pamwala: momwe ntchito yayendera pagombe lathu ku Salima

Kutsogolo kwa gombe lathu kuli mwala wautali womwe umangotulutsa msana pamwamba pa madzi. Masana aliyense amauona chifukwa zitosi za mbalame zinauyeretsa. Usiku wa mdima ndi umene umang'amba maboti obwerera kuchokera ku usipa. Kale panali nyali pa chitsulo, koma inazima zaka zapitazo ndipo anthu anangozolowera kuyenda mwa chikumbumtima. Ine ntchito yanga ndi yolumikiza magetsi a sola m'nyumba ndi m'magolosale, choncho komiti ya pagombe inandipempha kuti nditsogolere kuidzutsa. Ndikulemba izi kuti anzathu a magombe ena, kaya ku Nkhotakota, Makanjira, Usisya kapena ku Likoma, asagwe m'mbuna zomwe ife tagwamo. Mitengo ndi ya tsiku lomwe tinagula, ndiye ndi mmene zinthu zikukwereramu muyambe mwafunsanso.

9 Novembala 2024: kukaona zomwe zatsala

Tinapalasa m'mamawa nyanja ili bata, ine, amalume anga omwe ndi siginala (wotsogolera asodzi posaka nsomba ndi ukonde wa chilimira), ndi mnyamata wowotcherera zitsulo wa pamsika. Paipi yakale inali chiimire, ndipo kumtunda kwake inkaoneka yabwinobwino. Vuto linali patsinde, pomwe madzi amamenya n'kuuma, kumenyanso n'kuumanso. Nditagogoda ndi hamala, zidutswa za dzimbiri zinayoyoka mpaka chala kulowa. Bokosi la batire linalibe chitseko, mkati muli chisa. Sola kunalibe, mabawuti ake ataduka bwinobwino ndi sowo. Galasi la nyali linali litapsa ndi dzuwa, lachikasu, long'aluka.

Chomwe chinatiphunzitsa kwambiri ndi mzere wa ndere youma pa paipiyo. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Senga Bay ndi ku Mangochi, ndipo mzerewo unaonetsa kuti bokosi la batire linakhala m'madzi miyezi. Chilichonse cha magetsi chiyenera kukwera pamwamba kuposa pomwe akale anachiika.

Wowotcherera uja ankati tingodula powolapo n'kulumikiza chitsulo china. Amalume anakana. "Mphwanga, chitsulochi chisiye. Ukachipaka penti chidzakunamiza mpaka tsiku lomwe chidzagwere boti la munthu." Tinagwirizana zoyamba zonse mwatsopano.

23 Novembala: nyali yotani?

Pamsonkhano panali amfumu, komiti, eni maboti ndi amayi ogula usipa. Ambiri ankafuna babu lalikulu loyera loyaka usiku wonse. Amene anabweza maganizowo ndi siginala wina wachikulire. Anati usiku wa mdima nyanja yonse imadzaza ndi nyali za kauni, zokopera usipa, kale za parafini, lero mababu a batire, zonse zoyera komanso zosaphethira. Mukaika ina yotero pamwala, woyendetsa boti wotopa adzaiyesa bwato la anzake n'kulunjika pomwepo. Panakhala chete kanthawi, kenako amfumu anati, "Ndiye iziphethira."

Kaphethiridwe kake sitinapeke tokha. Tinafunsa kwa akuluakulu oona za maulendo a panyanja ndipo anatilongosolera dongosolo lomwe maiko amatsatira la IALA, bungwe loona za nyali ndi zizindikiro za panyanja. Mwala woima pawokha, womwe madzi ake mbali zonse ndi oyendeka, chizindikiro chake chimakhala chakuda chokhala ndi lamba wofiira, mipira iwiri yakuda pamwamba, ndi nyali yoyera yophethira kawiri n'kupuma. Ena anati ndani pamudzi pano anawerenga buku limenelo. Ine ndinaumirira kuti titsatire, chifukwa nyaliyi si ya ife tokha. Pamadutsa maboti onyamula anthu ochokera kutali, ndipo amene anaphunzira za sitima ku Monkey Bay akaona kuphethira kawiri amadziwa msanga kuti apatuke.

Zopereka: boti la injini K20,000, bwato K3,000, eni mashopu monga akwanitsira. Amayi analonjeza nsima ya ogwira ntchito. Zonse zinakwana K1,080,000.

7 Disembala: kugula

Ku Lilongwe, cha ku Malangalanga, tinapeza paipi ya galvanized ya mainchesi 4, yotalika mamita 6, pa K210,000. Simenti matumba 6 K162,000, zitsulo zolimbitsira konkire za Y12 K60,000, mabawuti a stainless K40,000. Za magetsi: sola ya 30W K65,000, batire yosathira madzi ya 12V 18Ah K120,000, kontirola yotha kuyatsa yokha kukada K35,000, ndi kachipangizo kophethiritsa K18,000. Penti yakuda ndi yofiira, red oxide, waya ndi silikoni zinadya K85,000.

Nyali yeniyeniyo ndiyo inasowa. M'mashopu ankatipatsa mababu a m'nyumba kapena malaiti a galimoto, omwe amaponya kuwala mbali imodzi. Ife tinkafuna yowala mozungulira monse, yosalowa madzi. Mlamu wanga wa ku Johannesburg anagula ya LED ya 3W yomwe amaika pamwamba pa maboti oima pa nangula, yolembedwa kuti imaoneka mtunda wa ma nautical mile awiri, kapena kuti makilomita 3.7. Inabwera pa basi, K110,000 pamodzi ndi mtengo wonyamulira. Kuphatikiza galimoto yotifikitsira katundu pagombe, tsikuli tinatseka pa K950,000.

Petulo pa pampu anali K2,530 lita koma sankapezeka, ndipo wa m'zigubu mtengo wake unali wosayamba. Katundu wambiri tinaolotsa ndi nkhafi.

14 mpaka 21 Disembala: maziko

Apa ndiye panavuta. Tinaboola mwala ndi dirilo ya jenereta, jeneretayo ili m'boti lomangirira pambali. Mwalawu ndi wolimba zedi. Zoboolera zotchipa zinkapsa n'kupindika nsonga tisanafike n'komwe kuya kwa chikhatho. Tinabwereka zabwino kwa mmisiri womanga nyumba ndipo tinkathira madzi m'dzenje pafupipafupi. M'maenjemo tinazika zitsulo za Y12 ndi phala la simenti, n'kuzimanga pamodzi ndi mabawuti anayi omwe adzagwire paipi. Chikombole tinadula mgolo wa malita 200, kuchotsa mitu yonse iwiri.

Konkire yoyamba tinathira masana. Chakumadzulo mpoto unadzuka, mafunde n'kumalowa pansi pa mgolo pomwe mwala si wosalala. M'mawa tinapeza miyala ya kwale ndi mchenga zokha, simenti yonse itakokoloka. Matumba awiri anapita, K54,000.

Kachiwiri tinatseka mipata ya pansi ndi dongo ndi timatumba ta mchenga, tinazunguliza mgolo wonse ndi matumba ena, ndipo tinathira mbandakucha mphepo isanayambe. Konkire inali youmirako, muyeso wa simenti umodzi, mchenga iwiri, kwale itatu, ndipo tinaivundikira ndi pulasitiki yomanga ndi malegeni. Mchenga wa pagombe pathu ndi wosalala kwambiri, tinakatenga wa kumtsinje. Mwayi womwe tili nawo kuno ndi woti madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndiye tinkangotunga pomwepo posakaniza, zomwe anzathu a ku Beira kapena Nacala sangayerekeze. Konkireyo tinaisiya sabata yathunthu osaikhudza.

28 Disembala: kuimika ndi kuyesa

Paipi tinaiwotcherera kumtunda: mbale ya chitsulo patsinde, timakwerero toyambira pamwamba pa mutu wa munthu kuti ana osambira asamakwere, ndi poika bokosi mamita anayi kuchokera pa konkire. Mipira iwiri ija tinagwiritsa zoyandamitsa ukonde zazikulu, tinazipaka penti yakuda. Kuidzutsa pamwala woterera kunafuna zingwe mbali zitatu ndi amuna okhwima, wina akuitanira kuti onse azikoka pamodzi.

Kuphethira tinakuika motere: kuyaka theka la sekondi, kuzima sekondi imodzi, kuyakanso theka, kupuma masekondi atatu. Pa masekondi asanu alionse nyali imayaka imodzi yokha, n'chifukwa chake batire yaing'ono chonchi ingathe kuisunga pafupifupi sabata kopanda dzuwa.

Usiku tinatuluka ndi boti la amalume. Mwezi kunalibe ndipo nyali za kauni zinali mbwee kum'mawa konse, koma yathu inkadziwika bwino pakati pa zonsezo. Pa GPS ya foni tinafika makilomita anayi tikuionabe. Anyamata anayamba kuimba. Amalume anati tisabwerere tisanauzungulire mwalawo, ndipo titafika chakumpoto nyali inasowa. Sola inkaitchinga. Kuno sola imayang'ana kumpoto, ndipo m'mphepete mwake munali mutakwera kufika pa msinkhu wa nyaliyo. Munthu woimirira m'boti lalikulu ankaionako pang'ono, koma wokhala pansi m'bwato ayi. Tinawonjezera kapaipi ka theka la mita kuti nyali ikhale pamwamba pa zonse, K12,000. Amene mudzayese yanu, izungulireni yonse, ndipo mukhale pansi m'bwato, chifukwa maso a msodzi amakhala pafupi ndi madzi.

1 Febuluwale 2025: nkhungu ndi mbalame

Asodzi anayamba kudandaula kuti nyali yafooka, ikuwala mofiirira. Masiku amenewo mwezi unali utangofa ndipo nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja, zinali zitatuluka, zikukwera pakati pa nyanja ngati utsi wa tchire likupsa. Nditakwera pa paipi ndinapeza galasi lonse litakutidwa ndi phala lakuda lonunkha nsomba. Tizilomboti timathamangira kuwala, timafera pagalasi, mvula n'kutinyowetsa, dzuwa n'kutiumitsa, mawa lake tina pamwamba. Ndinkachita kupala ndi chikhadabo. Mpaka m'timipata ta zoyandamitsa zija munali modzaza.

Sola nayo inali pamavuto ena. Mphipi ndi nkhwazi zinapeza pokhala patsopano potalika kuposa mwala, ndipo theka la sola linali loyera ndi zitosi. Batire inatsika kufika 11.6V. Choipa china n'chakuti kontirola imadziwa kuti kwada poona mphamvu yochokera ku sola, ndiye sola ikadetsedwa imaganiza kuti dzuwa lalowa nthawi ikadalipo. Kukachita mitambo nyali inkayamba kuphethira masana, n'kumadya batire yomwe sinakhute kale.

Pothana ndi mbalame tinatola masipoko akale kwa okonza njinga n'kuwamangirira choimirira m'mphepete mwa sola ndi pamwamba pa nyali. Sitinalipire kanthu. Sola tinaipendeketsa kwambiri, kuchoka pa madigiri 15 kufika pafupifupi 30, kuti mvula izitsuka yokha. Timataya mphamvu pang'ono miyezi yotentha, koma sola yoyera yopendekeka imaposa yogona bwino yodzaza zitosi.

Nkhungu zilibe mankhwala, n'kupukuta basi. Anyamata omwe amakavuula matchera m'mawa amadutsa pamwalapo, choncho komiti inawagawira masiku ndipo makwerero amakhala kwa wapampando. Lamulo ndi nsalu yofewa ndi madzi okha. Wina wofuna kuthandiza anali atakwecha kale mbali imodzi ndi mchenga, ndipo poti galasilo ndi la pulasitiki, mikwingwirima yake ilipobe mpaka lero. Thinala nayenso asayandikire, amalisungunula.

22 Febuluwale: yasiya kuphethira

Amalume anandiimbira pakati pa usiku kuti nyali ikungoyaka osaphethira. Ichi ndi chomwe siginala wachikulire uja anatichenjeza: nyali yoyera yokhazikika, ili pamwamba penipeni pa mwala.

Kachipangizo ka K18,000 kaja kali ndi relay, kachitsulo komwe kamagunda "thi, thi" poyatsa ndi pozimitsa. Nditawerengera ndinapeza kuti pa maola 12 a usiku kamayatsa nyali ka 17,280, kutanthauza kupitirira theka la miliyoni pamwezi. Timilomo take tinapsa n'kumatirirana. Wokonza mawailesi ku Lilongwe anatipezera china chogwiritsa MOSFET, chopanda chilichonse choyenda mkati, K25,000.

Podikira kuti chifike, ena ankati tiisiye iziyaka choncho, bola kuwala kulipo. Ndinakana ndipo komiti inandimvera. Tinaizimitsa, n'kulengeza pagombe, kumzikiti, kutchalitchi ndi pa gulu la WhatsApp la eni maboti kuti pamwala palibe nyali. Munthu wodziwa kuti kuli mdima amachepetsa injini n'kuika mnzake kutsogolo ndi tochi. Kuyambira pamenepo tinapangana kuti nyali ikangolakwitsa chilichonse, uthenga uzifika kwa onse maboti asananyamuke madzulo.

15 Malichi: madzi m'bokosi

Bokosi linali lomatidwa ndi silikoni paliponse, komabe pansi pake panali madzi ndipo mitu ya batire inachita zobiriwira. Si mvula inalowa. Chitsulo chimatentha masana n'kuzizira usiku, thukuta lake n'kusowa potulukira. Tinaboola timabowo pansi, tinatchinga ndi kansalu ka neti ya udzudzu kuti nkhungu zisalowe, tinapala mitu ya batire n'kupaka vaselini. Mawaya onse tsopano amalowera pansi, atapindidwa kaye kuti dontho ligwe lisanafike pabowo.

29 Malichi: batire yapita

Loko anathyola usiku, batire anatenga, mawaya anadula. Palibe anadziwa mpaka boti lina lobwerera mbandakucha, woyendetsa akufunafuna kuphethira kuja, linakhula mwala. Thabwa la pansi linang'ambika ndipo pulopela inaphwanyika. Anthu onse anapulumuka chifukwa mabwato anali pafupi, koma usipa wa usiku wonse unabwerera m'madzi ndipo mwini boti anakhala milungu osagwira ntchito.

Chifukwa chake sichobisika. Batire ya 12V lero ndi chuma pagombe, ndi yomwe imayatsa mababu a kauni. Pamsonkhano amfumu analankhula mosapsatira kuti wokhudza za pamwala adzalipira boti lililonse lomwe lidzawonongeke, ndipo ukonde wake sudzaponyanso pagombe lino. Mwini boti long'ambika uja anaimirira n'kungonena kuti m'botimo munali mwana wake.

Batire yatsopano K135,000, itakwera kale. Kheji ya zitsulo yowotcherera ku paipi, loko wake wobisika m'kapaipi moti sowo singafike, K48,000. Batireyo tinaipaka penti yofiira yonse n'kudinda dzina la gombe ndi chitsulo chamoto kuti isagulitsike. Panafunika kusonkhanso kachiwiri.

26 Epulo: nyanja yadzaza, nyali za kumtunda

Mwala wonse wamira, pakungooneka mutu wa mgolo ndi paipi. Bokosi lili pouma. Koma kudzaza kwa madzi kwabisanso timiyala ta pafupi ndi gombe, tomwe maboti amadutsa pakati pake polowa. Nyali ya pamwala imakuuza popewa, siyikuuza polowera.

Tinaimika mitengo iwiri ya bulugama kumtunda, umodzi waufupi pamchenga, wina wautali kumbuyo pachitunda, yonse pamzere umodzi ndi mpata wolowera. Mzerewo anaupeza ndi amalume masana, akuyeza kuya ndi nsungwi, ife tikusuntha mitengo mpaka anakweza dzanja. Wobwera usiku akaona nyali ziwirizi imodzi pamwamba pa inzake, ali panjira. Yam'munsi ikapatukira kumanzere, nayenso akhotere kumanzere mpaka zigwirizanenso. Asodzi anachigwira usiku umodzi wokha, chifukwa ndi mmene akhala akuchitira masana ndi mtengo wa mlambe ndi nsonga ya phiri.

Poyamba tinaika zofiira. Kuchokera panyanja zinasokonezana ndi nyali yofiira ya pa nsanja ya mafoni yomwe ili kumbuyo kwa mudzi, ndipo mnyamata wina analunjika pa nsanjayo mpaka anakakhala pamchenga. Tinasintha kuika zobiriwira. Nthambi ya mango yomwe inkatchinga yakumbuyo tinadula titapempha kwa agogo eni mtengowo, omwe anangoti tisakhudze mbali yomwe imabereka kwambiri. Zonse, ndi kasola kake ndi batire yokhala m'nyumba ya wapampando, K190,000.

21 Juni: mwera

A zanyengo akhala akuchenjeza pa wailesi za mwera, ndipo wafikadi. Akuluakulu kuno sauchepetsa. Amakumbutsa za sitima ya Vipya yomwe inamira ndi mphepo pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutha. Kwa masiku angapo palibe anayerekeza kufika pamwala, tinkangoyang'ana tili kumtunda. Usiku ulionse nyali inkaphethira.

Mphepo itagonako tinapeza manati awiri a patsinde atamasuka moti ndinawatembenuza ndi zala. Mafunde akamamenya, paipi imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumamasula nati pang'onopang'ono. Tinaika mawashala a sipuling'i ndi nati yachiwiri pamwamba pa iliyonse, K15,000. Waya wochokera ku sola unali utayamba kudyeka pomwe umakhuzana ndi mlomo wa bowo. Tinauveka chidutswa cha chubu cha njinga. Zingwe za chitsulo zokokera paipi mbali zitatu zikufunika ndithu, koma poboola pali pansi pa madzi, ndiye zidikira Novembala nyanja ikaphwa. Batire, ngakhale kunali mitambo ya nthawi yozizira, tinaipeza pa 12.3V m'mawa.

9 Ogasiti: pomwe tafika

Ndalama zonse zafika pafupifupi K1,430,000, osawerengera mafuta, chakudya ndi thukuta la anthu. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lapita pa zomwe sitinaziganizire poyamba, choncho amene mukuyamba musasonkhe ya zipangizo yokha.

Boti lililonse la injini tsopano limapereka K1,000 pamwezi ku thumba la nyali. Kwa wapampando kuli kabuku komwe wopukuta amalemba tsiku, mphamvu ya batire ndi chilichonse chachilendo chomwe waona. Kabukuka kanatithandiza kale: manambala atayamba kutsika pang'onopang'ono mu Julayi, tinakapeza waya wa kontirola utakhwefuka nyali isanazime. Ndaphunzitsa achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana wa fomu 3, kugwiritsa mita yoyezera magetsi ndi kusintha kachipangizo kophethiritsa, ndipo china chapadera chili m'kabati pamodzi ndi fyuzi. Nyali yapadera sitinagulebe. Mlamu wanga akuti abwera nayo pa Khirisimasi.

Chotsatira ndi miyala ya kumwera kwa gombe, yomwe siyitulukira n'komwe pamwamba moti paipi singaimikidwe. Pamenepo pakufunika choyandama: migolo iwiri ya pulasitiki yomangidwa m'kheji, nangula wa konkire, ndi tcheni chotalika kawiri kapena katatu kuya kwa madziwo kuti nyanja ikadzaza kapena mafunde akakula chisakokere migolo pansi. Amalume ayeza kale, ndi mamita 7. Tcheni cha galvanized cha mamita 20 ndi chomwe tikufunsa mitengo panopa, ndipo msonkhano wa zopereka amfumu auitanitsa mwezi ukawala, asodzi onse ali kumtunda.